Mpando wa Kumanzere

Ndinagula galimoto ija patangotha miyezi isanu chiikire maliro a akazi anga. Inali yofiira, ya ku Italy, yakale koma yosamalidwa bwino, ya mipando iwiri basi, ndipo inali yaifupi moti polowamo ndinkachita kukwawa ngati ndikulowa m'khola la nkhuku. Ndinali nditapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndalama zake zinali zomwe tinkasungira nyumba ya kumudzi, ku Ntcheu. Boma linali litasintha kwathu, anzathu amene tinathawa nawo limodzi anali kalikiliki kumanga katundu, koma ine ndinalibenso woti ndikamumangire nyumba.

Musandifunse ngati ndinkaikonda. Masiku amenewo sindinkakonda kanthu, sindinkadananso ndi kanthu. Pamaliro sindinalire. Tiyi ndinkangomwa osadziwa ngati muli shuga. Galimotoyo ndinaiona pa galaja ina mumsewu wopita ku Ilford, wogulitsa analiza injini, ndipo phokoso lake linandinjenjemeretsa pachifuwa pang'ono. Ndinati mwina ichi chingandidzutse.

Lamlungu nditaiimika pa tchalitchi chathu ku Barking, amayi anasiya kucheza. Kwa ife Amalawi a ku London galimoto ndi ya tonse: imakatenga alendo ku eyapoti, imanyamula mapoto a ukwati, imakatula okalamba pakhomo mapemphero akatha. Mkulu wina wa mpingo, mnzanga wakalekale, anaizungulira kawiri n'kusuzumira m'kati.

"Achimwene, ndiye lift tizikwera pati? Pa roof?"

"Sitima ya District line ilipo, achimwene," ndinayankha.

Sanaseke. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Lewisham, anaimva nkhaniyi kwa anthu. Iye Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anandiimbira foni n'kungoti, "Dad, are you all right?" Ndinati ndili bwino, ndipo sikunali kunama kwenikweni, chifukwa panalibe pamene pankandipweteka.

Wogulitsa uja ndiye anandiuza za bwalo la mpikisano kunja kwa mzinda, cha ku Kent, kumene madoda a imvi amathamangitsa galimoto zawo Loweruka pongofuna kusangalala. Kuti ulowe mpikisano umayamba wayesedwa: mlangizi amakhala pambali pako mukuzungulira bwalo, akakhutira n'kusayina pepala lako. Pepalalo ndinalifuna. Chinali chinthu chokhacho chimene ndinafuna chaka chimenecho, mwina chifukwa Loweruka la munthu wokhala yekha silichedwa kucha koma limachedwa kuda.

Ndinapita modzikhulupirira. Ine ndinayendetsa basi zosanja mu London zaka makumi awiri ndi zisanu osagunda ngakhale njinga, ndiye kagalimoto kofika m'chiuno kakanandiuza chiyani? Mlangizi anali mayi wachizungu wa msinkhu wanga, wowonda, wosuta fodya kwambiri. Titazungulira kamodzi anandiuza kuti ndiime, n'kuvula chisoti chake.

"Bambo, pakona paja munayatsa indiketa. Mumauza ndani?"

Ndinkayang'ananso pagalasi pafupipafupi, ndipo aliyense wobwera kumbuyo ndinkamupatukira mwaulemu ngati ndi apongozi. Zimenezo anati zitha zokha. Vuto lenileni linali buleki. Pabwalo umathamanga mpaka kona itayandikira, kenako umaponda buleki mwamphamvu kamodzin'kamodzi. Ine ndinkayambira kutali, pang'onopang'ono, monga anatiphunzitsira ku depoti: kumbuyo kwako kuli okalamba oimirira ndi zikwama za kumsika, ukaponda modzidzimutsa agwa. Ndinamuuza mayiyo kuti kwathu timati kuthamanga si kufika. Anati mwambiwo ndi wabwino, koma sasayina.

Ulendo wachiwiri sanasayinenso.

Chimene sindinamuuze n'chakuti phazi langa silinaphunzire ku depoti kokha. Chaka chawo chomaliza, matenda a akazi anga anali atalowa m'mafupa. Lachiwiri lililonse ndinkapita nawo kuchipatala pa kagalimoto kathu kakale, ndipo kabampu kalikonse kankawapweteka. Sankadandaula, ankangokokera mpweya m'mano. Maenje onse a msewu umenewo ndinawaloweza. Pamaloboti ndinkaima mofewa moti madzi a m'kapu sakanatayika, ndipo wina akatidutsa kutsogolo mwadzidzidzi, dzanja langa lamanzere linkatambasuka lokha kuwatchinga pachifuwa. Iwo ankati, "Inu, gwirani chiwongolero, sindine dzira ine."

Ulendo wachitatu kunali kamvula kowaza. Mlangizi sanalowe m'galimoto. Anawerama pawindo n'kunena kuti, "Muyambe mwazungulira nokha, ine ndionerera pakona yoyamba. Si basi iyi. Simunanyamule munthu. Mulibe aliyense muno, pondani."

Ananena mwachifundo, sankadziwa kanthu. Ndinazungulira kawiri monga mwa masiku onse. Kachitatu ndinaileka injini ikuwe mpaka chikwangwani cha pakona chinandifika pamphuno, ndipo ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse. Lamba anandikanikiza pachifuwa. Dzanja lamanzere linasiya chiwongolero n'kuthamangira kumpando wa pambali, koma silinapeze munthu. Galimoto inazungulira ngati nguli n'kukatitimira m'timiyala timene amathira m'mbali mwa bwalo.

Injini inazima. Ndinakhala momwemo, mvula ikugogoda padenga, dzanja lidakali chitambasulire. Ndinadikira kuti mwina tsopano ndilira. Ndinadikira ndithu. Misozi siinabwere, koma koyamba chiikire maliro ndinadziwa bwinobwino kuti pampandopo palibe munthu, ndipo sipadzakhalanso munthu amene ndinkamutchinga uja. Ndinangodziwa basi, monga umadziwira kuti lero ndi Loweruka.

Mlangizi anafika akuthamanga, ndudu ili m'manja. Ataona kuti sindinavulale anaseka.

"Imeneyo ndiye buleki! Koma manja onse awiri pachiwongolero. Mumagwira chiyani uko?"

Ndinati palibe. Masana omwewo tinazungulira limodzi kasanu, manja onse ali pamalo pake, ndipo anasayina.

Ndinathamanga nawo mipikisano zaka zitatu. Sindinapambanepo, nthawi zambiri ndinkalimbirana malo akumapeto ndi dokotala wina wa mano wopuma pantchito. Mwana wanga anabwera kamodzi kudzaonerera, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti ndikamadutsa ankatsinzina. Mkulu wa mpingo uja anabwerera kumudzi n'kumanditumizira zithunzi za nyumba yake ya malata. Sindinganene kuti ndinkasangalala monga ankasangalalira anzanga aja, koma mphindi zimene ndinali pabwalo mutu unkakhala chete, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Mpikisano woyamba usanafike, madoda a pabwalo anandilangiza kuti ndichotse mpando wa kumanzere kuti galimoto ipepuke. Ambiri mwa iwo anali atachotsa kale. Makaniko anamasula mabawuti anayi, ntchito ya mphindi khumi, n'kundifunsa ngati ndikufuna autaye. Ndinati ayi, ndipita nawo kunyumba. Poti m'galimoto yotere mulibe malo ena oikamo katundu, anaubwezera pamalo pake pomwepo, wosamanga, uli gwedegwede.

Ndinachoka ku Kent nawo dzuwa likupendeka. Njira yonse ndinazemba maenje. Tikulowa mu Barking loboti inayaka yofiira kutsogolo, ndipo dalaivala wa vani kumbuyo kwanga anaimba hutala, akudabwa kuti galimoto yaliwiro chotere ikuyenda ngati yanyamula mazira. Ndinamuleka aimbe. Buleki ndinayambira kutali, pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litagwira mpando kuti usagwe.