Impso ya a Vitalis

A Nester Kalinde ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Njuli, ndipo pa anthu onse a pamenepo ndi iwo okha amene ankayenda ndi chiwalo cha munthu wina m'thupi. Impso zawo zitafooka, anapita ku India, komwe madokotala anawaika impso ya mchimwene wawo, a Vitalis, mlimi wa nandolo wa ku Nchema. Anabwerako ndi mapilisi omwa moyo wonse, ofooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupilo lisakane impso yachilendoyo. Dokotala anawauza mosabisa kuti chimfine chimene ena amathana nacho ndi mandimu, iwo chikhoza kuwagoneka m'chipatala.

A Vitalis anachitadi chamuna, palibe wotsutsa. Kungoti sankalola munthu aliyense kuiwala. Pamaliro, kumphakati, ngakhale podikira kabaza, ankakwinya malaya n'kuonetsa chipsera kwa aliyense amene sanafunse.

Korona itafika, a Nester anasoka mamasiki a chitenje. Anthu anagula ndithu, n'kumatetezera zibwano zawo mokhulupirika. Ataona zimenezo, mayiwo anachotsa makina pakhonde paja n'kukasokera kunyumba, nsalu n'kumalandirira pawindo. Anthu anati ndege yawapatsa matama.

Mu Januwale wa 2021, matenda atavuta, a Vitalis anatulukira ndi nkhuku kukhwapa, akutsokomola.

"Odi, achemwali. Ndabwera kudzaona impso yanga."

"Ili bwino, achimwene," anayankha a Nester pawindo. "Ipatseni moni muli pomwepo. Chifuwa icho sindikuchikonda."

"Kachifuwa aka? N'kamvula, ndadzifukiza kale bulugamu. Ine ndinagonera mpeni chifukwa cha inu, lero mundilonjere pawindo ngati ndadzagula zitumbuwa?"

Munthu wokupatsa impso ungamumane bwanji mpando? A Nester anatsegula chitseko. A Vitalis anakhala masana onse, akufotokoza pakati pa kutsokomola kuti korona ndi matenda a mabwana a ku Blantyre, ndipo nkhuku imene anabweretsa ija anathandiza kuidya mpaka mafupa.

Sabata isanathe thupi la a Nester linatentha, mpweya n'kuyamba kuperewera. Kuchipatala anawagoneka chafufumimba, chipangizo cha mpweya kumphuno. Madokotala anachepetsako mapilisi ena aja kuti thupi lipeze mphamvu zolimbana ndi kachilomboko, uku akuopa kuti likadzuka kwambiri liukira impsoyo. A Nester ankamva zonsezo ali chigonere, ndipo chimene chinkawawawa kwambiri n'chakuti chitseko anatsegula okha, akudziwa. Nthawi imeneyo n'kuti a Vitalis atachira kalekale, akupalira nandolo wawo.

A Nester anatuluka m'chipatala patatha mwezi ndi kanthu, ataonda, miyendo ikulephera kupalasa makina nthawi yaitali. Impso inapulumuka, ngakhale madokotala anati yatopako.

A Vitalis anabweranso, nkhope ili ngwee.

"Mwaona, achemwali? Impso ya ku Nchema siigonja wamba. Ikanakhala ya wina, bwenzi tikunena zina."

"Impso ndinathokoza, achimwene, ndipo ndidzathokoza mpaka kumanda. Koma m'nyumba muno simulowanso ndi chifuwa."

A Vitalis anabwerera atakwiya, n'kukauza abale kuti mlongo wawo ndi wosayamika. Abale, amene kuchipatala sanapondeko poopa kutenga matenda, anagwirizana nawo kuti a Nester aonjeza.

Katemera atabwera, a Nester anali m'gulu la oyamba kubayitsa, ngakhale anauzidwa kuti m'thupi longa lawo sagwira mokwanira, chitetezo chenicheni n'chakuti owazungulira abayitsenso. A Vitalis anakana. Anati thupi lawo analipereka kale kwa madokotala kamodzi, n'zokwanira.

Lero a Nester akusokabe, pang'onopang'ono, masiketi a sukulu ndi mayunifolomu a amayi a kutchalitchi. Mkwiyo wa a Vitalis unatha wokha. Akabwera amawaikira mpando pabwalo, patali ndithu ndi khomo, moti pocheza amachita kukweza mawu. A Vitalis sadandaula, chifukwa nkhani ya ku India ija tsopano imamveka mpaka kwa aneba.