Tsiku lomwe tinaika Kapitawo

Ndinadzuka tambala asanalire. Kapitawo, mphaka wathu, anali atauma pachiguduli, pafupi ndi madengu a matemba omwe anawalondera moyo wake wonse. Khansa ya m'kamwa ija inali itamumaliza. Ndinatenga khasu kuti ndimukwirire msanga anthu asanadzuke.

Koma mayi a kunyumba anandipeza pakhomo, nayamba kulira mokuwa. Kwathu kuno mayi akalira m'bandakucha anthu safunsa, komanso mudzi wonse unkadziwa kuti ndakhala ndikutsokomola.

Dzuwa likutuluka, amayi a m'mudzi anali atasonkha kale moto pawiri, mphepo ya kunyanja ikubalalitsa utsi pabwalo. Uyu nkhuni, uyu ufa, asodzi awiri a ku Chisi anasiya bwato nkubwera. Nditatulukira kuchokera kuseri, mayi wina anataya chidebe cha madzi. Mkulu wa mpingo anatseka buku lake la nyimbo ngati ndamulakwira.

Zonsezo ndinangoseka. Chinkandisowetsa mtendere ndi Tadala, mdzukulu wathu wophunzira za matenda a ziweto. Wina anali atamuimbira kale kuti ndafa, ndipo anali atakwera minibasi ku Zomba. Iyeyo ndiye anandiuza pafoni miyezi iwiri m'mbuyomo kuti kunja madokotala akuyesa mankhwala odzutsa asilikali a m'thupi mwa mphaka kuti azilimbana okha ndi khansayo. Anati akadali oyesa, kuno kulibe. Koma mayi a kunyumba anali atasiya kudya chifukwa cha chisoni, ndiye ine ndinawauza kuti mankhwala ali m'njira. Anayambanso kudya. Ankamwetsa Kapitawo phala ndi sipuni, ndipo Lachisanu lililonse ankakadikira minibasi ku Kachulu.

Anthu anati poti abwera kale, atiperekeza. Tinanyamuka pamzere, ine patsogolo ndi chiguduli, ena akuseka m'zitenje. Ndinakumba pansi pa mtengo wa bwemba, maso ali kumsewu. Ndikuyamba kukwirira, Tadala anatulukira akuthamanga.

“Agogo, muli moyo?”

“Pepa, ubwerenso ulendo wina.”

Agogo ake aakazi anamugwira chikwama. “Wachedwa nawo, mwana iwe. Tulutsa ndingowaona.”

“Chiyani, agogo?”

Tadala anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana khasu, koma khasu silinandithandize.

“Kunalibe mankhwala, mayi,” ndinatero. “Ndinawapanga ndine, ndi pakamwa pangapa.”

Sanandikalipire. Anangondilanda khasu nkukwirira okha mpaka kumaliza.

Madzulo anthu anali atabalalika, pabwalo patangotsala phulusa. M'nyumba munali zii, kupatula makoswe omwe anali atamva kale uthenga, akuthamanga kudenga. Ndinkangoyendayenda, kukhala pansi osakhazikika. Kenako mayi aja anatulukira ndi phala lopanda shuga, m'kambale ka Kapitawo, sipuni yake yomweyo, nkundiikira patsogolo.

“Imwani, bambo,” anatero. “Shuga ali m'njira.”

Ndinamwa lonse.