Chitseko chimene ndinazulira Fyson

Fyson ndi mwana wachisamba wa Yoramu, mwana wanga, ndi mkazi wake Zelesi, a kuno ku Tsangano. Nayenso ali ndi ana, Atikonda ndi Tisungane. Ndayamba ndi mayina chifukwa pamsika akungomutchula kuti wamisala uja. Si wamisala. Ndi mdzukulu wanga, amene ali mnyamata ankaunda mizere ya mbatatesi yowongoka kuposa ya bambo ake.

Anapita ku Joni monga anapitira malemu agogo ake aamuna. Chaka china eni dziko akuthamangitsa alendo, anamutsekera m'chisakasa cha malata pamodzi ndi mnzake Goliati, n'kuyatsa moto. Fyson anatuluka atang'amba lata. Goliati anapsera momwemo. Kuyambira apo sankagona pokhapokha atasuta nyaope, ufa woledzeretsa wa kumeneko umene ukalowa m'thupi sufuna kutulukamo.

Pakachipatala kena anayamba kumupatsa metadoni, mankhwala akumwa m'mawa uliwonse oletsa chibaba. Koma amene amamukumbukira kwambiri ndi nesi wake, mayi Sibongile.

"Agogo," anandiuza, "mayi aja sanatsekepo chitseko ine ndili m'kati. Ankandikhazika pafupi ndi khomo. Asanandigwire mkono ankayamba apempha."

Fyson anayambanso kugwira ntchito. Kenako apolisi anamugwira alibe mapepala, n'kumukweza basi yobwerera kwathu. Kuchipatala chimene tinapita naye anatilandira bwino, koma anati mankhwala amenewo alibe. Mwana anayamba kunjenjemera, kusanza, thukuta kamukamu mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa.

Yoramu anachita zimene timachita kuno munthu akaledzera n'kuyamba kusokoneza. Anamukankhira m'kanyumba kosungiramo mbewu ya mbatatesi, kamalata, kopanda windo, n'kuika loko. Ndinamva kukuwa ndili kudimba. Sankaitana mayi ake. Ankaitana Goliati.

"Tsegula, iwe Yoramu!"

"Amayi, musalowerere. Zituluke m'thupimo, mawa adzandithokoza."

"Anakuuza za moto uja?"

"Anandiuza. Mwamuna amapirira."

"Unapirira chiyani iwe, woopa jakisoni mpaka lero?"

Loko ndinaswa ndi khasu. Fyson anatuluka zikhadabo zili magazi, sanatione n'komwe, ulendo wa kumalire. Tinakamupeza pamsewu akuimitsa malole opita ku Mozambique, kuti abwerere ku Joni kumene kuli mankhwala ake. Ndikudziwa kuti nyaope angamupeze msanga kuposa chipatala. Ndinagwada pafumbi, ine nkhalamba, anthu a mbatatesi akuonerera.

"Tiye kwanga. Ndikugwire dzanja?"

Anandipatsa dzanjalo.

Tsiku lomwelo ndinazula chitseko cha chipinda chimene ndinamupatsa kwanga. Mphepo ya kuphiri imalowa mmene ikufunira, tonse tikutsokomola, koma akugona pang'ono. Masiku ena amapita ndi Atikonda kumunda. Masiku ena ndimamupeza ataima kumsewu, maso ali pa malole. Ndafunsa kutchalitchi, ndafunsa ku boma, sindinapeze wodziwa kumene metadoni angapezeke.

Chitsekocho ndinakachitula pakhomo pa Yoramu. Ndinamuuza kuti adzachibweretse yekha, adzaime panja, apepese mwana wake, ndipo afunse ngati angalowe. Zelesi akuti bambo ake a Fyson amachilambalala m'mawa uliwonse popita kumunda. Mvula yayamba kuchinyowetsa. Sanabwerebe.