Lipenga Limene Linaitana Maliro

Amuna anga anabwera kuchokera ku migodi ndi lipenga lamkuwa, ati anagula kwa mnzawo wa bandi. Tinali ku Zemba nthawi imeneyo, mwana wathu woyamba asanayambe n'kukwawa komwe. Iwo ankafuna kuti lipengalo lisamangokuwa ngati ng'ombe, koma lizilira ngati munthu. Ndiye akaweruka kumunda ankakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumakoka mawu amodzimodziwo, kuwakweza, kuwatsitsa, kuwanjenjemeretsa, mpaka milomo kutupa.

Mwanayo anadwala malungo n'kukana bere, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Ine maso anali pa kachifuwa kake, kuona ngati kakukwera ndi kutsika. Masana ena mwana atangogona, ndinatuluka n'kukawapempha amuna anga kuti, "Bambo a mwana, lero lokha lekani."

"Ndiliza motsitsa, mayi. Onani, ndatsekamo kansalu."

Analizadi motsitsa, ndipo tsiku limenelo m'pamene zinawathekera. Mawu anatuluka aatali, onjenjemera, enieni a mayi woferedwa. Azimayi amene ankasenda mtedza pabwalo anataya malichero n'kuthamangira kwathu akulira, amayi anga ali patsogolo, manja ali kumutu. Nditawaona ndinangoti aona chimene ine sindinaone. Ndinalowa m'nyumba n'kumugwedeza mwana mwamphamvu. Anadzidzimuka, analira, kenako anayamba kufunafuna bere n'kuyamwa.

Amuna anga anatulukira akumwetulira, lipenga lili m'khwapa. "Mwamva? Lalira ngati munthu."

Kuyambira tsiku limenelo ankakalizira kudambo, kumene kulibe wodwala, kuli achule okha.