Mwandida, Mkazi Wopanda Kwawo

Mwandida sankadziwa kwawo. Ankakumbukira phiri la miyala ikuluikulu, ndiponso mayi wamphini pamphumi amene ankathamanga atamugwira dzanja, kenaka dzanja lija linamusiya. Ena ankati mapiri otero ndi a ku Vubwi, koma palibe amene anapita kukafunsa. Iye anakulira m'mudzi wa Angoni amene anamugwira pankhondo, ntchito yake kusinja, kutunga madzi ndi kuzira nyumba za eni. Azungu atagonjetsa Angoni, akapolo anauzidwa kuti azipita kwawo. Mwandida anali namwali kale. Anangotsata gulu la amayi olowera kumadzulo, ndipo pamudzi uliwonse gululo linkachepa, wina akulandiridwa ndi nthungululu, wina ndi misozi. Pofika kumidzi ya kufupi ndi Mkaika anali atatsala yekha.

A Kamzimbi, bambo wamanja olimba amene ankayang'anira mbumba yawo pamudzipo, anamutenga akhale mkazi wawo wachiwiri. Ukwati wake unalibe mwambo, pakuti kunalibe nkhoswe woti akamuone. Mkazi wamkulu, amene pambuyo pake anabatizidwa dzina la Rabecca, anangomulozera mtondo ndi munsi. Mwandida sanadandaule. Ankadziwa chinthu chimodzi pa dziko lapansi, kuti munthu wopanda abale amadya chifukwa cha ntchito yake, ndipo tsiku limene manja ake adzaleka, mbale yake idzalekanso. Ankalawirira kumunda anzake ali mtulo, kubwerako anzake atasamba kale. Anabala ana atatu. Awiri anafa asanayambe kuyenda. Wachitatu, mtsikana wamaso aakulu, anamutcha Ndaziona, ndipo ameneyu anakula.

Ndaziona ali wausinkhu woti n'kusenza kamtsuko, pamudzipo panafika mphunzitsi wochokera ku mishoni, dzina lake a Ezekiel. Anamanga sukulu yamitengo ndi dothi, imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. A Kamzimbi analowa kalasi ya ubatizo pamodzi ndi mkazi wawo wamkulu. Mwandida nayenso ankapita, n'kukhala panja pafupi ndi khomo, chifukwa nyimbo zinkamukomera. Mawu akuti Mulungu anakonda anthu onse ankawamva, koma ankati amenewo ndi anthu enieni, okhala ndi mfunda ndi manda a makolo.

Tsiku lina masana a Kamzimbi anamupeza akupeta mapira pakhonde. Anakhala pansi chapatali ngati mlendo.

"Mzungu akubwera kudzabatiza mwezi ukaoneka," anatero. "Akuti wa mitala sabatizidwa. Ndikhale ndi mkazi mmodzi, woyambayo."

Mwandida anaika lichero pansi. "Ndalakwa chiyani, bambo?"

"Sunalakwe kanthu. Ndi lamulo la Mulungu."

"Nanga ndipite kuti?"

A Kamzimbi anayang'ana kumapazi kwawo. Amayi ena ochotsedwa chotero ankabwerera kwa alongo awo, koma uyu analibe kobwerera. Anamumangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, cha kudambo, n'kumudulira kamunda ka mchenga. Mwana sanamutenge. Alongo a mwamunayo anati mwana wa mkazi wopanda kwawo ndi wa mbumba ya bambo ake, ndipo Ndaziona anatsala kwa azakhali akewo. Tsiku la ubatizo Mwandida anali m'munda mwake. Nyimbo zinkamveka bwinobwino kudutsa dambo. Analima mpaka zikhato zinachita matuza, ndipo pakhomo la tchalitchi sanapondeponso. A Ezekiel akamulonjera panjira, iye ankapatuka n'kulowa m'udzu.

Ndaziona ankazemba masana kudzamuona, atabisa chinangwa kapena nsawawa m'kansalu. Ankamuimbira nyimbo za kusukulu, amake n'kumuletsa.

"Za Mulungu wakoyo uzisiya kunjira. Anandiona kuti ndine wotsala, n'kunditaya."

"Aphunzitsi amati sataya munthu, amayi."

"Nanga ine ndili pati?"

Kenaka kunabwera nkhondo ya azungu. Amesinjala a boma anayenda m'midzi kulemba amuna oti akasenze katundu wa asilikali, ndipo a Kamzimbi anapita nawo kumpoto. Ena anabwerako ataonda ngati bango, mapazi ali zilonda. A Kamzimbi sanabwere, ndipo panalibe wodziwa kumene anagwera. Nkhondo itangotha, mvula yoyamba isanagwe, kunafika nthenda ija anthu ankaitcha fuluwenza. Inkagwira munthu m'mawa, pofika mkuja ali m'manda. Mitondo inaleka kulira pamudzi. Adzukulu okumba manda nawonso anagona, ndipo mitembo inkakhala m'nyumba mpaka fungo kutuluka.

Ndaziona atapanda kubwera, Mwandida anapita yekha kumudzi. Anapeza azakhali aja atafa kale, mwana ali gone pambali pawo, thupi likutentha, milomo itauma. Anamubereka kumsana, ngakhale anali msinkhu woti miyendo inkakhudza pansi, n'kupita naye kukanyumba kake. Anamuthira madzi pamutu, anamuphikira mizu yonse imene ankaidziwa. Mwanayo anamwalira dzuwa lili paliwombo, mutu uli pamiyendo ya amake.

Mwandida anatenga khasu n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba. Nthaka inali gwa, khasu linkangodumpha. Ali mkati mokumba anaona a Ezekiel akubwera, nawonso atanyamula khasu, maso atalowa m'kati, malaya ali dothi lokhalokha. Masiku amenewo ndiwo ankakumba manda a mudzi wonse, ndipo mkazi wawo anali atamuika dzana lake.

"Bwererani," anatero Mwandida. "Mwanayu sanabatizidwe. Si wanu."

"Ndabwera kudzakumba, mayi."

"Munandilanda mwamuna, munandilanda mwana. Lero mukufunanso chiyani? Mtembo?"

A Ezekiel sanadziteteze. Analowa m'dzenjemo n'kuyamba kukumba. Atatha anathandiza kukulunga mwanayo m'mphasa, anamutsitsa bwinobwino, n'kufunsa ngati angapemphere. Mwandida anayang'ana kumbali. Iwo anapemphera mawu ochepa, akutchula Ndaziona ndi dzina lake, kenaka anatchulanso Mwandida, n'kunyamula khasu lawo kupita kumaliro ena.

Tsiku lotsatira nthenda inamugwira iyenso. Anatseka chitseko, anagona pansi popanda mphasa, ndipo sanafune kudzukanso. Sanadziwe kuti panapita masiku angati. Chimene anadzidzimuka nacho ndi madzi ofunda pankhope. A Rabecca, mkazi wamkulu uja, anali atagwada pambali pake. Nawonso anali atangodzuka kumene pa nthendayo, tsitsi litathothoka. Ana awo awiri anali atamwalira. Anamuvula chinsanza chimene anadziipitsiramo, anamusambitsa thupi lonse ngati khanda, n'kumudzoza mafuta a nsatsi.

Mwandida anayesa kudzikoka. Iye anasambitsapo anthu ambiri, odwala ndi akufa omwe, koma chichokere m'dzanja la mayi wamphini uja sanakhudzidwepo ndi munthu mwa njira imeneyi.

"Ndisiyeni, akulu. Ndilibe mphamvu zokugwirirani ntchito."

"Ndani wanena za ntchito? Yasamula, umwe phala."

"Ndisiyeni ndife."

"Ukafa ine nditsala ndi yani? Yasamula."

A Rabecca ankabwera m'mawa uliwonse, akupumira panjira chifukwa cha kufooka. Mwandida atayamba kuyenda, chinthu choyamba anatenga khasu n'kupita kumunda wa a Rabecca. Anapalira mizere ingapo n'kugwa chafufumimba. A Rabecca anamupeza pomwepo, ndipo anakalipa koopsa.

"Kodi ukuyesa ndinakugula? Ukufuna undibwezere kuti tisiyane?"

"Sindidziwa kudya chinthu chimene sindinachigwirire ntchito."

A Rabecca anakhala pansi pamzere. "Tsiku limene anakuchotsa ine ndinakondwa," anatero. "Ndinaimba nyimbo mokweza kuposa onse. Mulungu anandiona, anadziwa chimene ndinkakondwera. Nditagona muja ana anga akufa mmodzimmodzi, ndinati wandipeza, akundilanga. Koma m'mene ndinkayembekeza ukali wake, sindinaupeze. Ndinapeza kuti akadandifunabe, ine woipa mtima chonchi. Ndiye ndinati, ngati akufuna ine, kuli bwanji uja ali kudambo? Za malamulo a ku mishoni ine sindizidziwa bwino. Koma amene anakutaya ndife. Iye ayi."

Mwandida sanavomere tsiku limenelo. Anasamukira m'nyumba ya a Rabecca chifukwa kanyumba kake kanagwa ndi mvula, ndipo patapita chaka anayamba kupita kutchalitchi. Koma anapita monga ankadziwira. Ankasesa bwalo, kuzira pansi, kumweta udzu wofolera, kutungira aphunzitsi madzi. Mumtima ankati akagwira ntchito kwambiri, mwina Mulungu adzamulola kukhala pakhonde pake monga anachitira a Kamzimbi. Analowa kalasi, koma mayankho a katekisimu sankakhala m'mutu mwake. Mzungu akabwera pa bulu wake kudzayesa anthu, Mwandida ankangoti kakasi, ndipo ankauzidwa kuti adikire ulendo wina. Zinatero zaka zingapo.

Chimene chinamuthyola ndi maso. Anayamba kuona ngati utsi, kenaka ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Khasu linayamba kudula chimanga m'malo mwa udzu, ndipo a Rabecca anamulanda. Lamulungu lina anakana kupita kutchalitchi. A Ezekiel anabwera madzulo ake n'kumupeza atakhala pakhonde.

"Sindingathenso kusesa, aphunzitsi. Mawu a m'buku andikana. Ndipitenso kukatani?"

"Mwana wanu uja atabadwa, anakugwirirani ntchito yanji kuti mumuyamwitse?"

"Anali mwana wanga."

"Nanga tsiku lija munamubereka kuchokera kumudzi, munkayembekeza kuti adzakulimirani?"

Mwandida anayamba kulira. Pamanda a Ndaziona sanalire, koma tsiku limeneli analira mokuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba kuyesa kwagwa maliro. A Rabecca anawabweza ndi dzanja. Mwandida atatonthola anafunsa ndi mawu otsika, "Ndiye kuti ndingokhala? Osachita kanthu, Iye n'kumandifunabe?"

"Mungokhala, mayi."

"N'chovuta chimenecho kuposa kulima."

Ulendo wotsatira wa mzungu, a Ezekiel anamulankhulira, ndipo anafunsidwa mafunso ochepa okha. Anayankha mwachibwibwi, ena analakwitsa, koma anabatizidwa, n'kupatsidwa dzina la Elina. Analowa m'tchalitchi atagwira dzanja la a Rabecca, n'kukhala m'kati, pakati pa amayi anzake.

Sanakhale nthawi yaitali pambuyo pake. Mvula inavuta chaka chotsatira, nkhokwe zinauma, anthu n'kumadya mizu ndi gaga. Amayi awiri aja ankagawana kochepa kamene a Rabecca ankapeza pokasuma kumidzi ina. Elina ankalandira gawo lake ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kudya, osanenanso zoti amusiye. Masiku ena mkwiyo unkamubwerera, ankafunsa Mulungu mokweza chifukwa chimene anatengera ana ake onse, ndipo yankho sankalipeza. Akatero ankayamba kung'ung'udza nyimbo.

Anamwalira chimanga chisanache, miyendo itatupa ndi njala. Amuna a mumpingo, ofooka okhaokha, anasinthana khasu pokumba manda ake, ndipo a Rabecca ndiwo anakhala kumutu kwa maliro monga mbale wake.