Nyimbo ya Chimphona Chachitsulo

Kanali kakaseti kachikasu, kong'aluka pakona, kolembedwa zilembo za Chitchaina zomwe panalibe wotha kuwerenga m'nyumba mwathu. Usanakalowetse m'gemu unkayenera kukauzira mpweya kawiri, apo ayi pa TV pankangotuluka mizeremizere. Anabwera nako ndi amalume, achimwene awo a mayi, omwe ankagwira ntchito yoombola katundu wa amalonda pamalire a dziko pa Songwe. Anafika kwathu mu Okutobala, dzuwa la Karonga likuswa mtengo, ndi chikwama chimodzi ndi katoni ya gemuyo. Anati abwera kudzapuma milungu iwiri. Ine ndinali mu Sitandade 5. Mayi, namwino wochokera ku Ntcheu, anali atatha zaka zitatu kumpotoko koma ankadandaulabe kutentha ngati afika dzulo.

M'kakasetimo munali masewero a kamsilikali kothamanga, kolumpha maenje ndi kuwombera. Zimenezo sizinkandikhudza. Ine ndinkadikira kumapeto kwa gawo lachinayi, pomwe kumwamba kunkada, pansi n'kugwedezeka, kenako n'kutulukira chimphona chachitsulo cha diso limodzi. Pamenepo nyimbo inkasintha.

Ndayesa kangapo kuwafotokozera anthu nyimboyo, koma amangondiyang'ana mwachisoni. Inkayamba ndi ting'oma tothamanga ngati matalala padenga la malata. Kenako kankalowa kaliwu kowonda, kokwera, kokwerabe, mpaka tsitsi kunyamuka. Ndipo ndewu ikatalika, zonse zinkaphwa mwadzidzidzi, n'kutsala kaliwu kaja kokha kakuyenda pang'onopang'ono, kolira koma kosagonja. Chigawo chimenecho ndicho chinali changa. Wopha chimphona msanga sankachimva n'komwe, ndipo mpaka lero anthu otere ndimawamvera chifundo.

Vuto linali lakuti ine sindinkadutsa ngakhale gawo lachiwiri. Wofika kwa chimphona anali amalume okha. Ndikaweruka kusukulu ndinkaponya chikwama pakhomo, osavula ndi yunifomu yomwe, n'kukhala pansi pambali pawo. Ntchito yanga inali yokupiza adaputa ndi chivundikiro cha poto, chifukwa ikatentha inkanunkha pulasitiki wopserera, gemu n'kuzima. Iwo ankangoti, "Twende!" m'Chiswahili chawo cha pamalire, zala n'kuyamba kuvina. Akafika kwa chimphona sankawombera. Ankangozinda moto wake, kulumpha uku ndi uku, kuti nyimbo izungulire kawiri kapena katatu.

"Yakukwana?" ankandifunsa choncho, maso ali pa TV.

Sindinayankhepo kuti eya.

Aphunzitsi anga anandigwira tsiku lina ndikuomba nyimboyo padesiki ndi bolopeni. Anandifunsa ngati inali ya kwaya ya mpingo uti, ndipo nditalongosola anandituma kukasesa pansi pa mitengo ya mango. Ndinasesa ndikuimba yomweyo. Mayi nawo ankati phokosolo limawabowola mutu, koma sanazimitsepo TV ngakhale kamodzi. Ndinkaganiza kuti ankaopa achimwene awo.

Milungu iwiri inasanduka miyezi. Mango anapsa n'kutha, mvula inagwa, anthu anayamba kuwokera mpunga m'madambo, amalume osabwerera ku Songwe. Lamba wawo anabooledwa mabowo atsopano ndi msomali. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mnkhonde wa mawu ofatsa, ankabwera ndi mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, n'kuisiya patebulo. Amalume ankamuthokoza m'chinenero chake kuti "Ndagha," n'kudya masipuni awiri basi. Kenako zala zawo zinayamba kuchedwa. Kamsilikali kankagwera m'maenje omwe kale kankawalumpha iwo akuyasamula. Ine, mwana wopanda manyazi, ndinkakwiya. Ndinawauzapo kuti akuchitira dala. Mawu amenewo ndimawakumbukira bwino kuposa mmene ndikadafunira.

"Gwira wekha," anatero tsiku lina, akundipatsa chowongolera. "Nyimbo ya eni sikhala m'manja mwa eni mpaka kale."

Anandiphunzitsa atagona pamkeka: lumpha apa, dikira apo, usathamangire mfuti yofiira. Mu Febuluwale anasiya kutuluka kuchipinda, koma ankati chitseko chizikhala chotsekula.

Ndinafika kwa chimphona Loweruka lina masana, ndili ndekha pabalaza, adaputa ikukupizidwa ndi phazi. Kumwamba kunada, ting'oma tinayamba. Ndinakuwa kuti, "Amalume, ndafika!"

Mawu awo anachokera kuchipinda, otsika kwambiri. "Ndamva. Usamuphe msanga."

Koma mtima unali m'mwamba, ndipo chala changa chinangokanikiza batani osalekeza. Chimphona chinaphulika kaliwu kaja kasanatsale kokha. Nyimbo inadukira pakati. Ndinathamangira kuchipinda ndikulumpha, ndikudzitama kuti ndachipha pa ulendo woyamba, zomwe iwo sanachitepo. Anamwetulira, n'kunena kuti ndidzawaimbirenso mawa. Mawa lake magetsi kunalibe tsiku lonse.

Lero foni yanga ili ndi nyimbo zambirimbiri za m'magemu akale, ndipo pansi pake anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba za ubwana wawo. Ndimawerenga ngati makalata a abale. Yanga sindinaipezebe, chifukwa ngakhale dzina la masewerowo sindilidziwa. Ndimaisowa kwambiri. Nthawi zina ndimaopa kuti yomwe ndimang'ung'udza potsuka mbale ndinaisintha ndekha m'zaka zonsezi.

Lolemba lotsatira Loweruka lija, m'mawa, mayi anapempha tchuthi kuntchito. Anyamata awiri anawanyamula amalume n'kuwakhazika pa njinga mpaka kudepoti. Ndinauzidwa kuti akupita ku Ntcheu kukapuma kozizira, ndipo ndinakhulupirira, poti Karonga amatenthadi. Ndinawatsanzika mothamanga, ndikuopa kuchedwa kusukulu, n'kuwalonjeza kuti akamabwera adzandipeza nditaphunzira kuzinda. Sindinkadziwa kuti wantchito wa boma wokhala kutali ndi kwawo, akaona kuti m'bale wake wafika potero, amafulumira kumukweza basi adakatha kukhala pampando, chifukwa ulendo wa kumudzi umapepuka munthu akadapuma kusiyana ndi akakhala m'bokosi.