Chinangwa cha Bambo Anga a ku Positi

Ndikukumbukira Loweruka lina mu Disembala, tili ku Chintheche, ine ndili mu Sitandade 4. Bambo anali kalaliki wa ku positi, Mchewa wa ku Dedza wodziwa chimanga basi. Koma munthu uja analibe kuweruka. Akatseka positi ankawerengera anthu makalata a ku Joni pakhonde, amayi akadandaula bambo n'kungoti, "Amene amandilipira ndi anthu omwewa."

Chaka chimenecho Anyabanda, mayi wamasiye woyandikana nafe, anathyoka mwendo mvula itangoyamba. Mbewu ya chinangwa inali kuuma pansi pa mango. Ikanapanda kubzalidwa sabata imeneyo, ana awo atatu akanagona ndi njala chaka chotsatira.

Bambo anapita kwa a Chirwa, amene ankaperekera zakudya pa loji ya kugombe, kukapempha kuti tithandizane. Iwo anati, "Ine Loweruka ndiye alendo amachuluka. Zosamalira mudzi ndi za inu a boma."

Tinapita awiri. Nthaka inkanunkhira mvula, mchenga ukulowa m'zala za kumapazi. Bambo ankadula timitengo, ine n'kumazika m'mizere mmene anandionetsera, tikuimba nyimbo za ku tchalitchi. Ndinkanyada zedi.

Dzuwa litakwera, a Chirwa anadutsa atavala malaya oyera bwino, akuthamangira kuntchito. Anaima, anazula kamtengo kamodzi, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"A Positi, maso a mbewu akuyang'ana pansi! Mukufuna chimerere kumanda?"

Mizere yonse tinali titabzala chadodolido. Bambo anangogwira pakamwa. A Chirwa anayang'ana msewu, anayang'ana munda, kenako anavula malaya aja n'kuwakoleka pamtengo. Tinazula zonse n'kuyambiranso, iwo akutinyoza nthawi yonseyo kuti Achewa tibwerere ku Dedza kukalima mbatata. Kuntchito anafika masana ndipo abwana awo anawakalipira, koma chinangwa chinaphuka, ana a Anyabanda sanagone ndi njala.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimamva anthu akutsutsana kuti amtima wothandiza ndi a boma kapena a m'makampani. Ine ndimangoseka. Bambo akanapanda kuyamba, a Chirwa sakanaima. A Chirwa akanapanda kuima, ife tikanapha munda wa mayi wamasiye uku tikuimba nyimbo za Mulungu.